Mabatire atatu pa kutentha kwa Moatize: lina linandidyera ndalama

Chisinthireni batire la sola pa kabaraka kanga kuno ku Moatize, aliyense wobwera kudzatchajitsa foni amafunsa chimodzimodzi: achimwene, tigule liti? Pakamwa pauma n'kuyankha mmodzimmodzi. Ndagwiritsapo atatu: la gel, la lithium lopanda dzina, ndi la LiFePO4, mtundu wina wa lithium, limene ndili nalo pano. Za mavoti ndi maampeya muwerenga nokha pa katoni.

La gel ndithane nalo msanga. Ndi lotchipa, limapezeka paliponse, la 100Ah limalemera makilogalamu pafupifupi 30, ndipo mukamalimwa kupitirira theka usiku uliwonse silichedwa kufooka. Koma silinandinamize, linakalamba ndikuona.

Londipweteka ndi lachiwiri. Ndinaligula kwa munthu wina mumzinda wa Tete, bokosi labuluu lolembedwa lithium ndi zilembo zikuluzikulu, mtengo pafupifupi theka la LiFePO4. Pa chapa, minibasi ya kuno, ndinabwera nditalikumbatira ngati khanda. Juni ndi Julayi linagwira bwinobwino. Kufika Okutobala, pamene kuno kumadutsa madigiri 40 malata n'kumalira okha masana, firiji inayamba kuzima 2 koloko usiku, kenako 11 koloko. M'mawa wina ndinapeza chivundikiro chitatukumuka. Mphwanga, amene amakonza mafoni, anachitsegula. Mkati munali timabatire tozungulira totchedwa 18650 tamitundu itatu, tofiira, tobiriwira ndi tapinki, tina tili ndi zipsera za pomwe tinaotcheredwa kale mu laputopu ya munthu wina. Wogulitsa uja anangoti chitsimikizo chinatha pamene munatsegula. Ndipo anali atandigulitsanso kontirola yakeyake, kachipangizo kolamulira moto wochokera ku sola kupita m'batire, yosasinthika mavoti, moti pogula LiFePO4 ndinagulanso kontirola ina. Ndalama imeneyo sankaitchula potsatsa.

Mkwiyo ndi umene unandiphunzitsa zotsatirazi. M'batire la lithium mbali imodzi ndi ya girafaiti, chakuda chija cha mu pensulo. Madzi ake si asidi ngati a batire la galimoto, koma mchere wa LiPF6 wosungunulidwa m'mankhwala a carbonate. Likamatchajidwa koyamba ku fakitale, ena mwa madziwo amaphwanyikira pa girafaiti n'kusiyapo kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, kamene Emanuel Peled anakatcha SEI mu 1979. Ine ndimati nkhoko, chifukwa imachokera ku nsima yomweyo. Ikakhala yopyapyala ndi yogwirana, lithium imadutsa koma madzi aja safikanso pa girafaiti, ndiye kuphwanyika kumaima. Kuipanga kokhako kumadya lithium yokwana 5 mpaka 10 pa 100, yosabwereranso. Kutentha kukachuluka nkhoko imakula, ndipo nsima yopita m'mbale imachepa.

Apa ndi pamene opanga enieni amasiyanirana ndi ongolumikiza mawaya. M'madzi aja amathiramo timankhwala pang'ono, kawirikawiri 1 kapena 2 pa 100, ngati mchere m'ndiwo. Kodziwika kwambiri ndi vinylene carbonate, mwachidule VC. Iko kamayamba kuphwanyika anzake asanayambe, n'kuyala nkhoko yolukana ngati pulasitiki, yosang'ambika wamba, ndipo mpweya wotupitsa batire umachepa. Kakachulukitsa, nkhoko imakanika kudutsika ndipo batire limatulutsa moto monyinyirika. Kena ndi fluoroethylene carbonate, FEC, kamene kamasiya lithium fluoride mu nkhoko. Ndi kabwino pa mabatire osakaniza silicon, amene amatupa n'kuphwa pa kutchaja kulikonse, koma pa kutentha kwambiri kamatha kutulutsa mpweya ndi asidi. Mchere wa LiPF6 nawonso sugwirizana ndi kutentha ndi chinyezi: umabala asidi wa HF amene amanyenya nkhoko, batire n'kupanga ina, kudyanso lithium ina. Tsiku ndi tsiku, pansi pa malata a ku Moatize.

Chinanditsegula maso n'chakuti timankhwalati timatha. Timagwira ntchito yake kumayambiriro, ndiye timabatire tochotsa mu laputopu timafika kwa ife nkhoko itakula kale, chokonzera chitachepa, kena kokalamba kuposa kanzake. Kofooka kwambiri ndiko kamalamula bokosi lonse. Ndinagula nkhalamba zovala yunifomu yatsopano.

Musaganize kuti LiFePO4 ili ndi mankhwala oteteza ku dzuwa. Nayonso ili ndi girafaiti, nkhoko yake imakula pakatentha, makamaka batire likamakhala lodzaza tsiku lonse. Chimene ndinalipirira ndi maselo anayi atsopano amsinkhu umodzi, a mavoti 3.2 lililonse, mphamvu yosazunza madzi aja ngati ya maselo a 3.7, osagwira moto msanga, komanso BMS, kachipangizo koteteza maselowo, imene imadula yokha kutentha kukapyola. Kulemera sikufika theka la gel. Palibe wogulitsa angakuuzeni kuti muli VC wochuluka bwanji, opanga amabisa ngati chinsinsi cha mowa wa agogo. Funsani dzina la kampani yopanga maselo ndi tsiku limene anapangidwa. Akayamba kukanda m'mutu, tulukani.

Malume anga ku Ulónguè ali ndi bokosi labuluu lofanana ndi langa lija, ndipo likugwirabe. Akuti ndine wosasamala. Sinditsutsana nawo, ndi akulu, komabe kwawo ku Angónia amavala juzi pamene ife tikugona panja. Wa ku Tsangano, komwenso kumazizira, akhoza kuyesa mwayi wake. Wa ku Moatize, Tete kapena Changara, ngati ndalama ya LiFePO4 sinakwane, gulani la gel mudziwe kuti ndi la kanthawi, uku mukusonkha.

Latsopanoli ndinalichotsa pa shelefu ya pafupi ndi denga, lili pansi pakona pomwe dzuwa lamadzulo silimenya khoma, ndipo sindilola mwana kuikapo nsalu. Timabatire totupa tija tili mu ndowa ya mchenga kuseri, kutali ndi makala. Bokosi labuluu ndimasungiramo matchaja amene anthu amaiwala, ndipo wogulitsa uja akadzadutsa kuno adzalipeza pa kauntala, zilembo zake zikuyang'ana kumsewu.