Kabokosi ka matabwa: rebeti, maita kapena dovetail?

Kabokosi kosungiramo pasipoti, mawotchi kapena singano ndi ulusi mungathe kukapanga pakhonde la chipinda cha lendi ku Rosettenville kapena ku Cosmo City mu Johannesburg popanda makina aliwonse. Magetsi akathima ntchito siima, ndipo aneba sadandaula za phokoso. Pano tikuyerekeza njira zopangira kabokosi ka 250 mm m'litali, 150 mm m'lifupi ndi 100 mm msinkhu, ka matabwa okhuthala 12 mm. Amisiri amakangana kwambiri pa joyini, kutanthauza kalumikizidwe ka matabwa m'makona, koma chomwe chimawononga mabokosi ambiri kuno ndi nyengo, ndipo imawagwirira pansi ndi pachivundikiro.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mu Juni, Julayi ndi Ogasiti mpweya umauma mpaka milomo kung'aluka, kenako kuyambira Okutobala mvula ya mabingu n'kubwera. Thabwa limamwa chinyezi n'kuchilavulanso, ndipo likamatero limatupa kapena kunyala m'lifupi, pomwe m'litali silisintha. Thabwa la paini la 150 mm m'lifupi limatha kusintha ndi 1 mm kapena 2 mm pakati pa dzinja ndi nyengo yozizira. Ngati kabokosiko ndi mphatso yopita kumudzi, makamaka kunyanja monga ku Nkhata Bay, kakatupa koposa pamenepo.

Thabwa liti?

Paini ndiye wotchipa, ndipo amapezeka ku Builders, Cashbuild ndi Leroy Merlin. Ndi mtengo womwe uja timaudziwa ku Chikangawa, kungoti wakuno wambiri amachokera ku nkhalango za ku Mpumalanga monga za ku Sabie. Vuto loyamba ndi kukhuthala: wopalapala wa m'mashopu nthawi zambiri amakhala wa 20 kapena 22 mm, ndipo kabokosi kakang'ono ka thabwa lotere kamaoneka ngati kalibe mkati. Muyenera kulipala ndi pulena mpaka 12 mm, kapena kulicheka pakati ndi sowo. Vuto lachiwiri ndi lakuti paini ali ndi mizere yolimba yosinthana ndi yofewa. Tchizulo chikangobuntha pang'ono, sichidula koma chimafinya mbali yofewayo n'kusiya maenje. Posankha, yang'anani kumutu kwa thabwa: ngati mizere yaima chilili, thabwalo silipindika kwambiri, ngati yapanga uta, lipindika. Pewani mfundo pafupi ndi pomwe padzakhale kona. Paini wobiriwira uja, wothiridwa mankhwala a CCA, ndi wa denga ndi mpanda. Muli poizoni, musamupalire m'nyumba.

Meranti amachokera ku Malaysia ndi Indonesia. Alibe mfundo, ndi wowongoka, ndipo timatabwa take topyapyala sitivuta kupeza, choncho ntchito yopala imachepa. Koma amathetheka m'mphepete mukamacheka mopingasa, ndiye muyambe mwalemba mzere ndi mpeni wakuthwa musanaike sowo. Meranti wotuwa ndi wopepuka amakhala wofewa. Sankhani wofiirira wolemerako.

Mlombwa, womwe kuno amautcha kiaat, ndiwo mfumu ya ntchito imeneyi. Sutupa kapena kunyala kwambiri, tchizulo chimadula bwinobwino osafinya, ndipo ukapakidwa mafuta mtundu wake sufunanso chokometsera. Mtengo wake wogulira ndiwo umaluma, ndipo kuyambira 2023 malonda ake pakati pa mayiko ali pansi pa malamulo a CITES, pangano la mayiko loteteza zomera ndi nyama zomwe zingathe kutheratu. Kabokosi kamodzi sikafuna thabwa lathunthu: funsani zotsalira kwa ogulitsa matabwa olimba, kapena phwasulani shelefu ya kabati yakale. Mbali yoyera ya m'mphepete imafumbwa msanga, ndipo fumbi la mlombwa limayabwa m'mphuno, ndiye valani chotchinga pokwecha.

Mapaleti ndi aulere kapena otchipa, koma onani chidindo. HT ndiye kuti anangowatenthetsa, ali bwino. MB ndiye kuti anawafukiza mankhwala a methyl bromide, asiyeni. Mchenga ndi timisomali tobisika zimagomola mpeni wa pulena nthawi yomweyo. Supawood, bolodi ija ya utuchi wopanikizidwa ndi guluu, tisaitchule n'komwe pa ntchito ya manja: sikuluu siigwira m'mbali mwake, ndipo ikanyowa imafufuma.

Thabwa lililonse lomwe mwagula, lisiyeni m'chipinda momwe mudzagwirire ntchito kwa masabata awiri, litagona pa timitengo kuti mpweya uzidutsa pansi ndi pamwamba.

M'makona

Mutu wa thabwa uli ngati nzimbe yodula, ndi timabowo tokhatokha. Guluu akapakidwa pamenepo amamwedwa, n'kutsala wochepa woti agwire. Joyini iliyonse ndi njira yozembera vuto limeneli.

Kungogundanitsa matabwa, kupaka guluu n'kukhoma timisomali ta 25 mm ndiyo njira yachangu. Pa bokosi la zipangizo palibe cholakwika. Pa thabwa la 12 mm, bunthitsani nsonga ya msomali ndi hamala musanakhome kuti thabwa lisang'aluke, ndipo muzikhoma mopendeketsa, wina uku wina uko. Kuipa kwake n'kwakuti matabwa amaterereka pa guluu mukamakhoma, ndipo mutu wa thabwa umaonekera wonse.

Rebeti imachepetsa mavuto awiri onsewo. Kumapeto kwa thabwa lakutsogolo ndi lakumbuyo mumasema kasitepe ka 12 mm m'lifupi ndi 8 mm kuya, moti thabwa la m'mbali limakhala m'menemo osasuntha. Lembani mzere ndi mpeni ndi sikweya, chekani ndi sowo yamsana mpaka pa 8 mm, kenako gamulani chotsalacho ndi tchizulo kuchokera kumutu, pang'onopang'ono. Cholakwika chofala ndi kucheka pamzere penipeni m'malo mocheka kumbali yotayidwa, ndiye rebeti imakula ndi 1 mm n'kusiya mpata. Rebeti payokha si yolimba kwenikweni, chifukwa guluu akugwirabe pamutu. Ikani timapini tamtengo ta 4 mm tiwiri kapena titatu pa kona iliyonse, ndipo kabokosi kotere sikadzamasuka.

Maita, pomwe mitu ya matabwa imadulidwa mopendeka pa madigiri 45 n'kukumana pakona, ndiyo yokongola: mitu yonse imabisika ndipo mizere ya thabwa imazungulira bokosi lonse ngati mwadula mbali zinayi motsatana kuchokera ku thabwa limodzi. Koma ndi yosakhululuka. Pali malo asanu ndi atatu odula pa madigiri 45, ndipo mukaphonya ndi theka la digiri paliponse, kona yomaliza imayasama ndi madigiri 4. Kabokosi kapulasitiki kochekera maita kogula m'shopu sikakwanira. Pamafunika bolodi yowongolera, pomwe thabwa limagona mopendeka pa 45 ndipo pulena imayenda chogona cham'mbali n'kumasenga mutuwo. Matabwa oyang'anizana akhale ofanana ndendende. Agundanitseni msana ndi msana, chala ndicho chimamva kusiyana komwe diso silikuona.

Pomata maita simufuna makilampu. Ndandalikani matabwa anayi mutu ndi mutu, kunja kuli pamwamba, matani tepi yapepala polumikizira paliponse mokoka, tembenuzani, pakani guluu wochepa, dikirani mphindi zisanu kuti amwedwe, pakaninso, kenako pindani bokosi n'kumata kona yomaliza. Likauma, chekani timipata tiwiri kapena titatu mopingasa kona iliyonse, n'kulowetsamo timapepala tamtengo wamtundu wina topaka guluu. Popanda timeneti maita imatseguka bokosi likangogwa kamodzi.

Dovetail, pomwe mutu wa thabwa limodzi umasemedwa michira yolowa pakati pa mano (mapini) a thabwa linalo, imagwira ngakhale guluu asanapakidwe, chifukwa michira yake yotambalala singatuluke mbali imodzi. Kupendeka kwake ndi 1 pa 6 pa paini ndi 1 pa 8 pa mlombwa. Pa msinkhu wa 100 mm michira itatu yakwana. Dulani michira poyamba, igonekeni pamutu pa thabwa linalo, lembani ndi mpeni, ndipo chekani kusiya mzere uli wonse. Tchizulo chinoledwe pa madigiri 25, kunsonga kwenikweni pa madigiri 30, ndipo muzisema kuchokera mbali zonse ziwiri n'kukumana pakati, apo ayi kuseri kumagamuka. Joyini yothina kwambiri imang'alula pini ya m'mphepete. Iyenera kulowa ndi dzanja mpaka theka, kotsalako ndi kugogoda pang'ono. Ambiri amaphunzirira dovetail pa paini poti ndi wotchipa, n'kugwa ulesi poona maenje. Pa meranti wolimba kapena zotsalira za mlombwa imatuluka bwino msanga.

Joyini ya manomano ofanana, ija imaoneka pa mabokosi ogula, ndi ya makina. Ndi manja imadya nthawi kuposa dovetail, ndipo dzino limodzi likaphonya onse otsatira amaphonya.

Kwa munthu amene ali ndi sowo imodzi, matchizulo awiri, la 6 mm ndi la 12 mm, sikweya ndi pulena, ife timati rebeti. Chifukwa chachikulu chili pansi pa bokosi.

Pansi pake

Njira yomwe imabwera msanga m'mutu ndi kumata thabwa lathunthu pansi, guluu mbali zonse zinayi. Thabwalo limafuna kunyala mu Julayi, koma matabwa a kumapeto, omwe agona mopingasa, sakulola. Mapeto ake limang'aluka pakati, kapena limakankha makona mvula ikayamba. Pulayi ya 4 kapena 6 mm siisuntha chotero chifukwa zigawo zake zinamatidwa mopingasana, ndiye mutha kuimata kapena kuikhoma osaopa. Kungoti m'mphepete mwake mumaonekera.

Njira yabwino ndi kangalande kozungulira mkati kolowetsamo pulayi, 6 mm kuchokera pansi, kuya 5 mm, m'lifupi mofanana ndi pulayi yanu. Yezani pulayiyo, musakhulupirire nambala yolembedwa pashelefu. Popanda pulena yapadera, lembani mizere iwiri ndi mpeni, chekani motsatira kathabwa kowongoka komwe mwakapanikiza pamzere, n'kuchotsa pakati ndi tchizulo chaching'ono. Mukafuna kuti pansi pakhale thabwa lenileni osati pulayi, lisiyireni mpata wa 2 mm m'lifupi ndipo musalipake guluu, lizingoyandama m'kangalandeko.

Apa ndi pomwe majoyini amasiyana kwenikweni. Pa maita kangalande kamabisika kokha. Pa rebeti kamabisikanso, bola rebeti ikhale yakuya kuposa kangalande, n'chifukwa chake tinati 8 mm ndi 5 mm. Pa dovetail kamatulukira kumutu kwa mchira ngati kabowo, ndiye muyenera kukaimitsa kasanafike kumapeto, kapena kutseka kabowoko ndi kachidutswa. Pa joyini yongogundanitsa kamaonekeranso.

Guluu woyera wamatabwa, monga Alcolin kapena Ponal, ndi wokwanira. M'nyengo youma amayamba kugwira pasanathe mphindi khumi, choncho yambani mwalumikiza zonse popanda guluu kuti muone ngati zikulowa. Usiku wa Juni kuno kumazizira mpaka chisanu kugwa, ndipo guluu ameneyu sagwira bwino kukazizira pansi pa madigiri 10. Amayera ngati choko n'kumanyenyeka. Matani masana, bokosi ligone m'nyumba. Musanalisiye, yezani kuchokera kona ina kupita yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri. Manambala akasiyana, finyani pang'ono mbali yaitaliyo.

Chivundikiro

Cholowetsa ngati diloo sichifuna mahinji: kangalande kena pamwamba, thabwa la mbali imodzi lifupikeko kuti chizidutsa. N'chotchipa komanso chovuta kulakwitsa, koma chisiyireni mpata wa 1 mm ngati mukupanga m'nyengo youma, apo ayi mu Januwale chidzakanirira.

Cha mahinji chimaoneka bwino mukamata bokosi lonse lotseka, pamwamba ndi pansi, kenako n'kulicheka mozungulira pa 25 mm kuchokera pamwamba. Chivundikiro ndi thupi zimafanana ndendende poti zinali chinthu chimodzi. Lembani mizere iwiri yotalikirana 3 mm n'kucheka pakati pake, kuyambira m'makona. Pomaliza kwechani mbali zochekedwazo pa sandipepala womatidwa pa galasi kapena pa thailo, osati wa m'manja, chifukwa wa m'manja amadya makona. Mahinji a mkuwa a 25 mm amafuna kusemeredwa malo, ndipo timasikuluu take timaduka mutu mu mlombwa. Boolani kaye kabowo, lowetsani sikuluu yachitsulo yofanana nayo kuti itsegule njira, kenako yamkuwa yopaka sopo kapena kandulo.

Pokwecha yambani ndi 120, kenako 180 ndi 220, motsata mizere, ndipo mkati mukweche musanamate. Vanishi amateteza bwino ku madzi, koma pa kabokosi kakang'ono amadontha m'makona ndipo amamatitsa chivundikiro. Mafuta a linseed owiritsa amalowa m'thabwa ndipo pokalika pamakonzeka mosavuta: pakani, dikirani mphindi 15, pukutani otsala onse. Mkati musapakemo linseed, fungo lake limatsekeredwa n'kulowa m'mapepala ndi m'nsalu kwa miyezi. Phula la njuchi lokha ndi lokwanira. Nsanza yomwe mwapukutira mafutawo musaiunjike pakona, imatha kuyaka yokha. Iyanikeni panja yotambasula mpaka iume gwa, kapena iviikeni m'chitini cha madzi.