Ndemanga: Ulendo wa pa sitima kuchokera ku Cape Town mpaka ku Southampton

Ine ndi bambo akunyumba tinakwera sitimayi pa doko la Cape Town, titaguliridwa matikiti ndi mwana wathu amene amagwira ntchito ku Britain. Tinayenda masiku 17, ndipo tinaima malo awiri okha: Walvis Bay ku Namibia ndi Santa Cruz pa chilumba cha Tenerife. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndifotokoza chifukwa chake yachisanuyo ndaisunga.

Sitima yokhayo imene ndinali nditakwerapo ndi Ilala, kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma. Pa Ilala mtunda suchedwa kuoneka, ndipo pa doko lililonse pamakhala piringupiringu wa anthu ndi matumba. Nyanja yamchere ndi ina. Titachoka ku Walvis Bay tinatha sabata yopitirira tisanaone mtunda, ngakhale mtengo umodzi. Amene mukuganiza zogula ulendo wotere, dziwani kuti ndalama zanu zambiri zikugula masiku amenewa, a madzi okhaokha. Madoko ndi ongodutsa.

Tisananyamuke anatisonkhanitsa tonse, aliyense pamalo pake pothawira ngozi itagwa, n'kutionetsa kavalidwe ka jekete loyandamitsa. Palibe wozemba, amayitana nambala ya chipinda. Zimenezi zinandikhazika mtima pansi. Koma masiku awiri oyambirira mafunde anali aukali, kunja kukuzizira chifukwa madzi a m'mbali mwa Namibia ndi ozizira, ndipo mseru unandigwira. Mtsikana wina wokonza zipinda, wa ku Philippines, anandibweretsera maapulo obiriwira ndi mabisiketi opanda shuga, nati ndisagone m'chipinda koma ndikhale panja, pakati pa sitima, maso kutali kumene madzi akumana ndi thambo. Zinathandiza kuposa mapiritsi. Chipinda chathu chinalibe zenera. Ndi chotchipa, chaukhondo, bedi labwino, koma mukazimitsa magetsi simudziwa ngati kwacha. Ngati thumba likulola, onjezerani mupeze cha zenera.

Madzulo aliwonse amakusiyirani pepala la zochitika za mawa. Tsiku loyamba ndinkafuna kupezeka paliponse, ndinatopa. Pofika tsiku lachinayi tinali titapeza kachitidwe kathu. M'mamawa kuzungulira sitima wapansi pa khonde lake lalitali, pamodzi ndi agogo ena a ku Scotland amene sankaphonya. Kenako tiyi. Cha m'ma 10 koloko kunkakhala nkhani yophunzitsa m'holo yaikulu, ndipo imene sindidzaiwala ndi ya chilumba cha St Helena, kumene Napoleon anasungidwa mpaka kumwalira mu 1821. Sitinaimeko, koma kumva mbiri yake uli pa nyanja yomweyo kumakupatsa chithunzi cha kutalika kwake ndi dziko lina lililonse.

Chimene chinandikomera koposa sichinali cholipiritsa n'komwe: kwaya ya apaulendo. Tinkakumana masana aliwonse a pakati pa nyanja, anthu osadziwana, mnyamata woimba piyano akutitsogolera. Ine ndakulira m'kwaya ya kutchalitchi, ndiye ndinangolowa ngati kwathu. Mayi wina wa ku Durban ataona kuti ndikugwira alto popanda pepala, anasendera pafupi nane, ndipo kuyambira tsikulo tinkadya limodzi nkhomaliro. Kutatsala masiku awiri kuti tifike tinaimba pamaso pa anthu onse. Bambo akunyumba anali atanyamula bawo laling'ono lopinda. Analiyala tsiku lina pafupi ndi laibulale, ndipo mkulu wina wa ku Germany amene ankasewera tchesi anaima n'kumayang'ana mmene njere zikuyendera. Anaphunzira kutakata m'masiku atatu. Mpaka ku Southampton awiriwo sankasowana pa tebulo lija.

Tsiku lodutsa ikweta kunali mwambo wa amalinyero. Wantchito wina anavala ngati Neptune, mfumu ya nyanja m'nthano za Aroma, ndevu zoyera ndi mkondo wa mano atatu, ndipo odutsa koyamba ankapsompsona nsomba yaiwisi n'kuponyedwa m'dziwe losambira. Ana ndi achinyamata anasangalala kwambiri. Ife tinaonerera, kenako tinapita kutsogolo kukaona nsomba zouluka, zikutumphuka m'madzi m'magulumagulu ngati mbalame zodzidzimuka m'munda wa mapira.

Zisudzo ndi magule a usiku zinali zokonzedwa bwino, ovina aluso, koma sabata yachiwiri zinayamba kufanana. Kasino sitinalowemo. Usiku wovala bwino ndinavala chitenje changa ndi duku, ndipo anthu ambiri anabwera kudzafunsa kumene tikuchokera.

Chakudya n'chambiri kuposa mmene munthu angadyere, ndipo chili kale mu mtengo wa tikiti. Nsomba, mpunga, nyama, zipatso, buledi wotentha m'mawa. Nsima musaiyembekezere. Ophika a ku India ankakonza mpunga ndi ndiwo za nyemba zothira tsabola kumalo odzitengera wekha chakudya, ndipo n'zimene zinkatifika pamtima tikaisowa ya kwathu. Chinandiwawa ndi kuona mbale zodzaza zikubwezedwa osakhudzidwa.

Tsopano nyenyezi ija. M'sitima simugwira ndalama, chilichonse mumangopereka kadi imene ndi kiyi wa chipinda chomwe. N'zosavuta, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Zakumwa zoziziritsa kukhosi, madzi a m'botolo, khofi wabwino, kuchapitsa zovala, zithunzi zimene amakujambulani pakhomo la chipinda chodyera, zonse zimalowa mu bilu. Palinso ndalama yothokozera antchito imene amadula tsiku ndi tsiku pa munthu aliyense. Antchitowo ndi oyenera kulandira, amagwira ntchito miyezi yambiri osaona ana awo, koma wotigulitsa tikiti sanatiuze momveka, tinakaidziwira m'sitima. Intaneti ndi yodula, ndipo pakati pa nyanja inkadukaduka moti kuimbira adzukulu pa WhatsApp kunali kovuta. Funsani bilu yanu masiku atatu alionse, musadikire tsiku lomaliza. Za ma visa yambani msanga, chifukwa Tenerife ndi gawo la dziko la Spain, ndipo chilolezo cha ku Britain sichigwira ntchito kumeneko.

Ku Tenerife tinafika m'bandakucha. Phiri la Teide, lotalika mamita oposa 3,700, kuposa Sapitwa wa ku Mulanje, linali litatulukira pamwamba pa mitambo. Anthu anadzaza pakhonde atafunda mabulangete, ambiri ali chete. Titatsika, miyendo inkachitabe ngati pansi pakugwedezeka. Tinayenda pang'ono m'tauni, tinagula nthochi pamsika, ndipo pofika 2 koloko ndinali ndikuwafulumizitsa bambo kuti tibwerere, chifukwa kwaya inali ndi nyimbo ziwiri zimene tinali tisanazigwire bwino.