Player's Handbook ya 2024: malamulo obisalira ndi achangu, koma tinachita kuwasoka chigamba

Bukuli, la malamulo a masewero a nthano oseweredwa patebulo ndi dayisi, ndaligwiritsa ntchito miyezi isanu ndi umodzi tsopano. Timasewera Dungeons & Dragons anthu asanu Loweruka madzulo, ine ndi amene ndimayendetsa nkhani ngati DM. Ndi buku lachikuto cholimba, masamba 384, ndipo chimene ndinayamba kuchikonda ndi mndandanda wa matanthauzo a malamulo umene uli kumapeto. Mkangano ukabuka sitivundukulanso buku lonse ngati kale.

Za kutchingidwa sizinasinthe kwenikweni poyerekeza ndi buku la 2014, ndipo anachita bwino kuzisiya. Ukatchingidwa theka la thupi, AC yako (nambala imene mdani ayenera kuifika kuti akumenye) imakwera ndi 2, ukatchingidwa mbali zitatu mwa zinayi imakwera ndi 5, ukatchingidwa thupi lonse palibe angakulunjike. Mnzako woima pakati pa iwe ndi mdani naye amawerengedwa ngati chotchinga cha theka. Izi ngakhale wongoyamba kumene amazigwira tsiku lomwelo.

Nkhani yagona pa kubisala. Lamulo latsopano likuti uponye dayisi ya mbali 20, uphatikize luso lako lozembera lotchedwa Stealth, ufike pa 15. Uyenera kukhala kuseri kwa chotchinga chachikulu kapena mumdima wandiweyani, pomwe mdani sakukuona. Zikatheka, nambala imene wapezayo ndi yomwe mdani ayenera kuifika kuti akutulukire. N'zachangu, sindikana. Kale ndinkataya nthawi kuyerekeza nambala ya wobisala ndi ya mlonda aliyense payekha.

Koma wobisalayo bukuli limamupatsa mkhalidwe wotchedwa Invisible, dzina lomwelomwe la munthu amene wazimiririka ndi matsenga. Apa ndi pomwe panatidyera nthawi. Mlamu wanga amasewera rogue, katswiri wa zozembera, ndipo rogue kuyambira level 2 amatha kubisala ndi bonus action (chochita chowonjezera pa ulendo wake wosewera), kutanthauza pafupifupi ulendo uliwonse. Tsiku lina anabisala kuseri kwa migolo, anapeza 23, kenaka akuti akudutsa pakati pa bwalo masana dzuwa likuswa mtengo, alonda anayi ali chilili.

"Alamu, alondawo ali ndi maso," ndinatero.

"Werengani bwino, alamu. Sindinalankhule mokweza, sindinamenye munthu, sindinatchule mawu amatsenga. Andipeza bwanji?"

Zimene ankatchulazo zilimodi m'bukumo, ndi zinthu zothetsa kubisala. Chotsala ndi chakuti mdani akupeze, ndiye tinakangana mphindi makumi awiri kuti kupeza munthu n'kutani, tiyi mpaka kuzizira.

Sabata yotsatira tinagwirizana zathuzathu. Ukabisala utha kuthamanga kuchoka pa chotchinga china kupita pa china, kapena kutulukira n'kumenya, koma ulendo wako ukathera poyera pamaso pa mdani, waoneka basi, palibenso zoponya dayisi. Kachidole ka wobisala timakachotsa pamapu n'kuikapo chitsekerero cha botolo pamalo pomwe adani anamuonera komaliza. Kachitsekereroko kathandiza kuposa lamulo lenilenilo, chifukwa ine amene ndikuyendetsa adani sindinamiziranso kuiwala komwe munthu ali. Ndimangowatumiza kukasuzumira pa chitsekererocho.

China tinachita kubwereka ku Pathfinder, masewero ena ofanana ndi athuwa. Mu D&D chifunga chopepuka kapena kachisisira zimangosokoneza kuona, koma muvi umapita ngati kuli ngwee. Ife sizinatikomere. Ku Pathfinder, wolasa munthu wosaoneka bwino amayamba waponya dayisi yopanda chowonjezera, ndipo ayenera kupeza 5 kapena kuposa. Tinatenga chimenecho. Lamulo lawo linalo la 11, la mdani amene ukudziwa pomwe ali koma sukumuona, tinaliyesa kamodzi n'kulisiya, chifukwa kuliphatikiza ndi disadvantage (kuponya dayisi kawiri n'kutenga nambala yochepayo) nkhondo inkatalika ngati maliro a mfumu.

Ndikulipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ngati pagulu panu palibe wokonda zozembera, simudzaona n'komwe vuto ndatchulali. Ngati alipo, khalani pansi mugwirizane za kutulukira poyera masewero asanayambe, ndipo mulembe papepala. Lathu tinalimata mkati mwa chikuto, mlamu wanga anasainira pansi pake, ngakhale mpaka lero amati 23 yake ija tinamubera.