ATR 72-600 patatha miyezi ndikuiyendetsa: mafuta imadya pang'ono zedi

Paja nditangochoka pa jeti kubwera pa ndege ya mapulopela ya ATR 72-600 ndinalemba pang'ono za kokpiti (chipinda cha oyendetsa) ndi mmene ikumvekera m'manja, ndiye anthu mwakhala mukufunsa kuti nanga mafuta bwanji, zija amanena a kampani ya ATR zoti imadya mafuta ochepa n'zoona? Pano papita miyezi ndithu, ndiye ndiyankhe.

N'zoona. Tikakhazikika m'mwamba injini zonse ziwiri pamodzi zimadya chamma kilogalamu 700 pa ola, nthawi zina kutsikirapo kutengera kulemera kwa ndege ndi kutentha kwa mpweya, apo tanyamula anthu 70. A ATR amati imadya mafuta ochepa ndi 45 peresenti poyerekeza ndi jeti ya kukula kofanana, ndipo pa maulendo afupiafupi a ola limodzi ine sindingatsutse. Pokonza ulendo umayang'ana mafuta omwe apempha kuthira mpaka kubwereza kuwerengera, kuganiza kuti pena pake pasowa nambala.

Chinsinsi chake chili pa mapulopela aja. Iliyonse ili ndi timapiko 6, kukula kwake pafupifupi mamita 4, ndiye imakankha mpweya wambiri koma mosathamangitsa, pomwe jeti imatenga mpweya wochepa n'kuuponya mwamphamvu, ndipo pa liwiro lotsika njira ya pulopela ndi yomwe sitaya mphamvu. Tikamanyamuka imazungulira ka 1,200 pa mphindi, tikafika m'mwamba timaitsitsa kufika 82 peresenti, phokoso limachepa pomwepo ngakhale amene akhala mipando yoyang'anizana ndi mapulopela amalimvabe. Injini zake ndi za Pratt & Whitney Canada, PW127, ndipo zatsopano zake zotchedwa PW127XT akuti zikupulumutsanso 3 peresenti ina ya mafuta.

Koma zaulere palibe eti. Liwiro lake ndi makilomita 510 pa ola basi, ndege inzake ya mapulopela ya Dash 8-400 imakupitirira ukuiona chifukwa iyo imafika chamma 660, kungoti nayonso imamwa mafuta kuposa. Ulendo ukatalika nthawi yomwe ukutaya imayamba kuoneka, apo jeti imawina. Komanso sikwera kupitirira mafiti 25,000, nthawi zambiri timakhala pansi pa pamenepo, m'mitambo momwe muli ayezi. Mapiko ali ndi mabuti a labala omwe amafufuma n'kuswa ayeziyo, amagwira ntchito, koma liwiro umayenera kuliyang'anitsitsa osaphethira, ndegeyi pa ayezi sifuna masewera.

China chomwe ndachikonda ndi hotel mode. Ndegeyi ilibe APU, ka injini kothandizira kaja, m'malo mwake injini yakumanja imalira koma pulopela itamangidwa buleki, n'kumapereka magetsi ndi mpweya tili pansi. Kulemera kwachepa, chinthu chimodzi choti amakaniko azisamala chachokapo. Mphepo ikamachokera kumbuyo ndiye umasamala nayo, ndipo dzuwa likaswa mtengo mkati mumatenthabe mpaka titanyamuka.

Apaulendo amakwerera khomo lakumbuyo poti kutsogolo ndi kwa katundu, ndiye pokweza anthu amaika kachitsulo kumchira kuopa kuti ndege ingakhale pansi ndi mchira. Ena amaseka akakaona. Koma pa njira zazifupi, mabwalo ang'onoang'ono a msewu waufupi, ndege ina yonyamula anthu 70 pa mafuta amenewa ine sindinaiyendetsepo.