Miyezi 10 ndi injini yakale ya Honda CG125 mu fulemu ya ku China: mmene mawaya apiririra

Mu Ogasiti chaka chatha ndinamaliza kumanga injini yakale ya Honda CG125, imene malemu malume anga anaisiya m'chisakasa kwa zaka zambiri, mu fulemu ya njinga yamoto ya ku China yomwe ndinagula kwa mnyamata wa kabaza injini yake itanoka. Panthawiyo ndinafotokoza kuti kukhazika injiniyo pa fulemu sikunavute, popeza zambiri mwa njinga za ku China zimenezi zinatengera CG125 yomweyo moti mabawuti analowa m'mabowo ake popanda kuwotcherera chilichonse, ndipo ndinanena kuti ntchito yeniyeni inali ya mawaya. Tsopano njingayi yayenda makilomita 6,400, ambiri mwa iwo pakati pa Zomba ndi Limbe ndiponso pakati pa Zomba ndi Liwonde, yapsa ndi dzuwa la Okutobala, yanyowa dzinja lonse, ndipo ndikutha kunena zimene zagwira ndi zimene ndinalakwitsa.

Amene sanawerenge zoyambazo ayenera kudziwa pamene panagona vuto. Honda inayamba kupanga CG125 mu 1975, ndipo zoyambirirazo zinali za mavoti 6 komanso za mapoyinti, tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutseka kuti pulagi ithetheke moto pa nthawi yake. Moto wa pulagi umachokera ku koyilo yaing'ono imene ili mkati mwa fulayiwilo, mapoyinti akatseguka mphamvuyo imathamangira ku koyilo yaikulu pansi pa thanki, ndipo batire silikhudzidwa m'pang'ono pomwe. Fulemu ya ku China inabwera ndi mawaya a mavoti 12, malo olowetsa CDI (kabokosi kamagetsi kogwira ntchito ya mapoyinti pa injini zatsopano), sitata ndi regileta (chipangizo choletsa mavoti kupitirira muyeso) ya mawaya asanu, zonse zikuyembekezera injini yamtundu wina. M'injini yanga mumatuluka mawaya anayi okha: wakuda wa mapoyinti, wachikasu wa nyale, woyera wotchaja batire, ndi wa kanyale ka nyutulo.

Ndinasankha kulekanitsa ziwirizi. Mbali ya moto wa pulagi ndinaisiya mmene Honda inaipangira, ndi koyilo yake yakale ndi kondensa yatsopano, chifukwa koyilo ya CDI imene inali pa fulemu sinapangidwire mapoyinti ndipo pamene ndinaiyesa inkatulutsa moto wofooka wachikasu. Mbali ya nyale ndinaisandutsa ya mavoti 12 poika regileta ya mawaya anayi, wachikasu, woyera, wofiira ndi wobiriwira, popeza nditayenda m'masitolo angapo ku Limbe kufuna mababu ndi batire la mavoti 6 ndinabwerako chimanjamanja. Zimenezi zimatheka chifukwa koyilo ya nyale siima pa mavoti 6 ayi. Injini ikamathamanga mphamvu yake imakwera kupitirira pamenepo, ndipo regileta imadula zotsalazo n'kuzitayira ku ethi, kutanthauza chitsulo cha fulemu ndi injini chimene magetsi amabwererako.

Mwa zonse zimene ndinachita, kulekanitsa kumeneku ndi kumene sindinanong'onezepo nako bondo. Kawiri konse batire linaphwa mpaka hutala kumangolira ngati chule, koma njingayi inalira pa kiki yachiwiri n'kundifikitsa kunyumba. Mnzanga amene ali ndi njinga ya CDI yodalira batire anaikankha kuchokera ku Thondwe pa vuto lomwelo.

Vuto loyamba linaoneka m'mwezi wachiwiri, ndipo linali langa ndekha ngakhale ndinayamba ndi kuimba mlandu wogulitsa zipangizo. Usiku wina ndikutsika ku Domasi nyale yakutsogolo inawala mwadzidzidzi koposa masiku onse, kenaka inazima, ndipo nditaima ndinapeza kuti babu lapsa mpaka galasi kuda mkati. Ndinaika lina, nalonso linapsa pasanathe sabata, limodzi ndi lakumbuyo. Ndinaganiza kuti regileta inali yachinyengo, ndinagula ina, ndipo mababu anapitiriza kupsa. Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire, makaniko wa njinga zamoto amene anayamba ntchitoyi mapoyinti akadali paliponse. Iwo sanakhudze regileta n'komwe. Anayang'ana fulemu imene ndinali nditaipaka penti yakuda yonyezimira, anandifunsa ngati ndinapala pamene ndinamanga waya wobiriwira, ndipo ndisanayankhe anali atatulutsa kale kampeni. Bawuti imene inagwira waya wa ethi inali itakhala pa penti, ikukhudza chitsulo ndi mazinga ake okha, ndipo mazingawo anali atayamba dzimbiri. Regileta yamtundu umenewu ikasowa ethi ilibe kotayira mphamvu yotsala, choncho yonse imakathera m'mababu. Titayeza ndi mita pa waya wachikasu injini ikuthamanga, ethi yochotsa, tinapeza mavoti oposa 20.

Tsiku lomwelo tinapala penti ndi sandipepa m'malo atatu mpaka chitsulo kuyera, tinapakapo girizi pang'ono, ndipo tinakoka waya wobiriwira wokhuthala kuchokera pa bawuti ya injini kupita pa koyilo, pa regileta, mpaka ku batire, kuti pasakhale chipangizo chodalira fulemu yokha. Kuyambira pamenepo sindinapsetsenso babu, ndipo regileta yoyamba ija, imene ndinainenera zambiri, ndinaibwezeretsa ndipo ndi imene ikugwira ntchito mpaka lero. Kavuto kena kamene ndinali nditakazolowera, koti ndikayatsa indiketa nyale yakumbuyo inkaphethira nawo, kanatheranso pomwepo.

Lachiwiri linabwera ndi mvula ya Januwale, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa aliyense wosakaniza injini ya mapoyinti ndi mawaya atsopano angathe kukumana nalo. Injini imeneyi siizima pochotsa mphamvu, koma poigwetsera ku ethi. Waya wakuda wa mzera woyera, umene unkazimitsa CDI pa fulemuyi, umagwira ntchito mwanjira yomweyo, choncho ndinaulumikiza ku waya wa mapoyinti ndipo kiyi ndi swichi yofiira ya pachiwongolero zinayamba kuzimitsa injini bwinobwino. Chimene sindinachiganizire n'chakuti waya wa mapoyinti unatalika tsopano, kuchoka m'injini kukafika mpaka pachiwongolero, ndipo paliponse pamene madzi angaulumikize ndi chitsulo moto wa pulagi umaba njira. Ndili pafupi ndi Namadzi mvula ikukhuthuka, injini inayamba kutsokomola, kenaka inazima. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango pafupifupi theka la ola, ndinapukuta pulagi ndi kapu yake, ndinakhetsa petulo wa m'kabureta poganiza kuti mwalowa madzi, osaphula kanthu. Pomaliza ndinatsegula chigoba cha nyale, ndinasolola waya wakuda wa mzera woyera uja, ndipo injini inalira pa kiki imodzi. Ku Limbe ndinaizimitsa poika giya n'kusiya kilachi buleki nditaponda, anthu a pa siteji akundiyang'ana.

Nditatsegula swichi yofiira ndinapezamo matope obiriwira a mkuwa wadzimbiri. Sindinaikonze, ndinaichotsa m'njira ya moto n'kusiya kiyi yekha, amene ali pamalo obisika pang'ono ndipo ndinamuveka kachidutswa ka chubu. Ena anganene kuti swichi ya pachiwongolero imafunika njinga ikagwa, ndipo akunena zoona, koma swichi yotchipa imene imamwa madzi imandiopsa kwambiri ndikakhala pakati pa malole mumsewu wa M3. Ndikapeza yotsekedwa bwino ndidzaibwezeretsa.

Za malumikizidwe a mawaya ndaphunzira zimene sindinaziyembekezere. Pothamangira kumaliza, malo ena ndinangopota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi yakuda, ena ndinawotcherera ndi mtovu, ndipo ena ndinafinyira timitu tachitsulo tolowetsana. Opota aja analephera onse, monga mmene aliyense akanandiuzira: kutentha kwa ku Liwonde kunasungunula zomatira za tepi, madzi analowa, mkuwa unabiriwira, ndipo nyale ya buleki inayamba kuyaka ikafuna. Chodabwitsa chinali cha owotcherera. Awiri amene anali pafupi ndi injini anaduka, osati pamene pali mtovu, koma pambali pake penipeni, pamene waya wofewa ukumana ndi chigawo cholimba, chifukwa injini ya silinda imodzi imanjenjemera tsiku lonse ndipo waya umapindikira pamalo amodzimodzi mpaka kuthetheka. Timitu tofinyira tija, timene ndinkatiyesa ntchito yaulesi, palibe n'kamodzi komwe kamene kasiya. Mu Febuluwale ndinamasula thanki ndi mpando n'kusintha malumikizidwe onse kukhala otere, ndipo mtolo wa mawaya ndinaumanga ku fulemu pafupipafupi kuti usalendewere.

Fyuzi ya maampu 10 imene ndinaika pafupi ndi batire inapsa kamodzi, pamene waya wofiira unakhulika pakhosi pa fulemu chifukwa chokhotetsa chiwongolero. Ndinauveka paipi yapulasitiki n'kuusiyira mpata wokwanira.

Pamene sindinakhutire mpaka lero ndi pa kutchaja ndi kuwala kwa nyale, ndipo apa sindingaimbe mlandu ethi kapena mvula, chifukwa ndi malire a njira imene ndinasankha. Koyilo yopangidwira mavoti 6 imafika pa 12 pokhapokha injini itathamanga. Ndinamangirira mita pa thanki tsiku lina n'kuyenda nayo. Injini ikungolira njinga itaima, batire linkaonetsa 12.3, kutanthauza kuti silinkalandira kalikonse. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola m'giya yomaliza linafika 13.1, ndipo pa 70 linafika 13.8. Choncho ulendo wa ku Limbe umadzaza batire, koma sabata yongozungulira m'tauni ya Zomba, kuponda buleki ndi kuyatsa maindiketa pafupipafupi, imalitsitsa, ndipo kuphwa kuwiri kumene ndatchula kuja kunachitika motero. Babu la mawati 35 limene linabwera ndi fulemu linkawala ngati koloboyi ndikachepetsa liwiro, zimene zimachitika pamalo oipa enieni, pa mabampu ndi m'maenje, pamene munthu afuna kuona bwino. Nditaika la mawati 25 zinasinthako, ngakhale kuti sindinganene kuti ndimayenda usiku mtima uli m'malo. Nyale yakumbuyo, ya buleki ndi maindiketa ndinazisintha kukhala za LED zodya ku batire, ndipo zinafuna fulasha yake yapadera popeza yakale inakana kuphethira ndi katundu wopepuka chotero. Kutsogolo ndinayesa LED pa waya wachikasu koma inkathwanimathwanima injini ikatsika, ndipo kuidyetsa ku batire kukanangowonjezera ngongole imene koyilo ikulephera kale kubweza.

Mapoyinti, amene anzanga ambiri ankati adzanditopetsa, ndawasintha mpata katatu kokha. Mpata wake uyenera kukhala pakati pa mamilimita 0.3 ndi 0.4, ndipo ayenera kuyamba kutseguka chizindikiro cha F pa fulayiwilo chikafika pa kamzera ka pa injini. Kachidendene kake, kamene kamakhuza pa kamu yowatsegula, kakamadyeka mpata umachepa, moto umachedwa, ndipo chifukwa mphamvu ya maginito imakhala pachimake pakanthawi kochepa kwambiri, motowo umafookanso. Chizindikiro chake ndachidziwa tsopano: kiki zimachuluka m'mawa ndipo njinga imalemera pokwera mtunda wopita ku Ku Chawe. Ntchito yake ndi ya mphindi 15 kudzera pa kazenera ka pa fulayiwilo, ndi kapepala kopyapyala kopanidwa pakati pa mapoyinti kuti ndimve pamene ayamba kukasiya, ndi kadontho kamodzi ka oyilo pa kansalu kopaka kamu. Chovuta ndi kupeza atsopano, popeza anyamata ambiri a m'masitolo anakulira pa CDI ndipo ena sanawaonepo. Ndinapeza mapeyala awiri kwa bambo aja ndipo ndinagula onse.

Ambiri andilangiza kuti ndichotse zonsezi n'kuika magineto, fulayiwilo ndi CDI za injini ya ku China, kuti mavuto a nyale ndi a mapoyinti athere limodzi. Sindikutsutsa kuti njira imeneyo ingapereke mphamvu yochuluka, ndipo kwa munthu wa kabaza amene amagwira ntchito mpaka usiku m'tauni ndinganene kuti injini yosiyidwa monga yangayi siimuyenera. Koma fulayiwilo iyenera kukhala bwino pa nsonga ya kirankishafiti, chivundikiro nacho chiyenera kugwirizana, ndipo ndaona injini imene anaiwononga poumiriza zosagwirizana ndi hamala. Mbali ya moto wa pulagi sinandikhumudwitse, kupatula swichi ija imene sinali ya Honda n'komwe, choncho sindikuona chifukwa choigwetsera.

Chimene ndatsimikiza kuchita ndi kukulungitsa koyilo ya nyale yokha, ndi waya wocheperako makulidwe koma wozungulira kambiri, kuti ifike pa mavoti 12 injini isanathamange kwambiri. Ndalankhula ndi munthu wokulunga mamota a zigayo ndi mapampu, amene wavomera bola ndimupititsire koyiloyo itachotsedwa kale ndipo tiwerenge limodzi mizere ya waya wakale pomasula. Chokokera fulayiwilo ndabwereka kwa bambo aja, amene anandichenjeza kuti ndisaimenye ndi hamala chifukwa maginito okalamba amataya mphamvu akagundidwa. Ndidzaichotsa Loweruka likudzali, ndipo mita ndidzaimangiriranso pa thanki kuti manambala atsopano adzayerekezedwe ndi 12.3, 13.1 ndi 13.8 aja pa msewu womwewo.