Tomato nayenso anapezeka ndi BP: ma app a zaumoyo omwe ndayesa kuno ku Bangula

Kabenchi kanga kali pafupi ndi pomwe amaima akabaza pa msika wa Bangula. Ndimatchaja mafoni ndi sola, kuika nyimbo m'makhadi, komanso kukonzera anthu WhatsApp ikavuta. Chifukwa cha ntchito imeneyi anthu amandiyesa katswiri wa chilichonse cha m'foni, ndipo masiku ano pempho lomwe lachuluka ndi lakuti, "Achimwene, tandiikireni ija yoyeza BP."

Ndiyambire pa imeneyo, chifukwa ndi yomwe inatsala pang'ono kutipweteka kunyumba. Mayi anga amadwala BP ndipo amakalandira mapilitsi kuchipatala mwezi ndi mwezi. Amene amaudziwa mwezi wa Okutobala kuno ku chigwa, kutentha kukamapitirira madigiri 40, angamvetse chifukwa chomwe ndinakondwera nditapeza app yonena kuti imayeza BP popanda kuyenda. Umaika chala pa kamera, tochi ya foni imayaka, kamzere kamavinavina, kenako manambala amatuluka. Mayi anapezeka ndi 124/82. Anasangalala, mpaka anayamba kunena zoti mwezi uno mapilitsi apume kaye. Patapita masiku awiri ndinawakweza njinga kupita kuchipatala chifukwa mutu sunkawasiya. Anesi atawamanga lamba wa makina pamkono, manambala anali 172/104. Munthu akafika pa 140/90 amawerengedwa kale kuti BP yakwera.

Madzulo ake ndinatenga tomato wakupsa pa benchi ya mayi wina woyandikana nane, n'kumugunditsa pa kamera. Kamzere kanavina monga mwa masiku onse. Tomato anapezeka ndi 118/79, wathanzi kuposa tonse pamsikapo.

Kamera ikhoza kuona kusintha kwa mtundu wa chala magazi akamadutsa, n'chifukwa chake kuwerenga kugunda kwa mtima imayesako ndithu. Koma mphamvu yomwe magazi akukankhira m'mitsempha imafuna lamba uja wofufuma pamkono. Nkhaniyi si yatsopano. Mu 2016 ofufuza a ku Johns Hopkins ku America anayesa app ina yotchuka yotchedwa Instant Blood Pressure, ndipo anapeza kuti pafupifupi anthu anayi mwa asanu alionse omwe BP yawo inali yokwera inkawauza kuti ali bwino. Kumeneko anaichotsa pamsika, koma abale ake adakali mbwee. Ija yanga nditaiyang'anitsitsa, pansi penipeni panali timalemba ta Chingerezi tonena kuti ndi yongosangalatsa, si ya chipatala. Ndani amawerenga timalemba timeneto? Chimodzimodzinso zija zoti zimayeza shuga ndi chala: popanda kubaya ndi kutenga kadontho ka magazi, akukunamizani.

Ya amayi oyembekezera ndiipatse ulemu pang'ono. Mayi akunyumba ali ndi pakati pa mwana wathu wachiwiri tinaika ina yowerenga masabata. Tsiku lomwe inalosera silinasiyane kwambiri ndi lomwe anesi analemba m'kabuku ka kusikelo, ndipo zithunzi zake zinkatisangalatsa usiku, ngakhale inkayerekeza mwana ndi zipatso zomwe sitinazionepo. Koma miyezi yonseyo sinatchulepo Fansidar, yemwe amayi oyembekezera amamwetsedwa kusikelo katatu kapena kuposerapo kuti malungo asawagwire. Za neti sinanenepo kanthu. Inkalimbikira za nsomba za m'nyanja zakunja ndi masewera olimbitsa thupi, kwa munthu woti m'mawa uliwonse ali kudimba ndi khasu. Anaipangira anthu a kwina, komwe udzudzu ndi wongosokosa. Bandulo nayo inkatha ngati madzi a m'dengu chifukwa cha malonda omwe ankatulukira paliponse ukadina.

Vuto lomwelo ndinalipeza pa zija umalemba zizindikiro n'kukuuza matenda. Poyesa ndinalemba kuti mwana wa zaka zitatu watentha thupi ndipo akusanza. Yankho loyamba linali chimfine, lachiwiri matenda a m'mimba, ndi malangizo oti apume, amwe madzi, tione pakapita masiku atatu. Masiku atatu! Kuno m'mbali mwa madambo a Shire, mwana akatentha thupi timathamangira kukayezetsa malungo tsiku lomwelo, akapezeka nawo ayambe LA. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa kuti mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse, akamalephera kuyamwa kapena akafookeratu, palibenso zodikira. Kuyambira pamenepo funso la mwana wotentha thupi ndi lomwe ndimayesera app iliyonse. Ikapanda kutchula malungo ndi kunena kuti pitani kuchipatala lero, ndimaichotsa pomwepo.

China chomwe ndimachita ndi kuzimitsa intaneti kenako n'kuitsegula. Zambiri zimangozungulirazungulira. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atadula misewu, magetsi atathima, netiweki ikubwera mwa apo ndi apo, kolera ili pakati pathu, panalibe app yomwe inatithandiza. Chomwe chinagwira ntchito ndi chomwe alangizi anatiloweza pamtima: paketi ya Thanzi ORS yobwezeretsa madzi m'thupi ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, masupuni aang'ono 6 a shuga, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, munthu azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala. App yomwe imafa pamodzi ndi netiweki, kwa ife a kuno, imafa pa nthawi yomwe tikuifunitsitsa.

Yomwe yatsala m'foni mwanga ndi yokumbutsa kumwa mankhwala. Ndi yaing'ono, siifuna intaneti, imalira 6 koloko m'mawa, ndipo ndimadina kusonyeza kuti mayi amwa. Tikapita kuchipatala ndimatha kuwauza anesi masiku omwe anadumphitsa. Kunena zoona, alamu wamba ya kafoni ka mabatani ingachite theka la ntchito imeneyi. Koma pali msampha. Mlongo wina anandipempha kuti ndimuikire yotere, ndipo inkalemba dzina la mankhwala ake poyera pa sikirini nthawi ikakwana. Kuno foni imodzi imadutsa m'manja mwa mwamuna, ana, mlamu, ndiponso ife otchaja. Amene amamwa ma ARV mwachinsinsi, foni ikhoza kumuululira pabenchi panga pomwe. Tinasintha dzinalo n'kulemba kuti "pemphero". Ndipo app yokumbutsa mapilitsi ikamapempha kuona manambala a anzanu, zithunzi ndi mauthenga, dzifunseni kuti ikufuna kukatani nazo.

Chodabwitsa n'chakuti chomwe ndimalozera anthu kwambiri si app n'komwe. Ndi Chipatala cha pa Foni, chomwe chinayamba mu 2011 ku Balaka ndi bungwe la VillageReach ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Umaimba 54747 pa Airtel, osalipira, ngakhale pa kafoni ka mabatani, n'kulankhula ndi munthu wophunzira zaumoyo m'Chichewa. Ndinaimbapo usiku wina mwana atayamba kutsegula m'mimba. Anandifunsa msinkhu wake, kangati wachita chimbudzi, ngati akuyamwa, ngati maso alowa m'kati. Anandiuza za Thanzi ndi zinki, n'kutchula zizindikiro zoti ndikaziona ndisadikire kuti kuche. Sananamizire kuti angamuyeze mwanayo pafoni. Ukudziwanso kuti kumbuyo kwake kuli ndani, pomwe ma app enawa ukafufuza mwini wake umangopeza dzina lachilendo lopanda adilesi. Nyenyezi zisanu zomwe anthu amapereka pa Play Store musazidalire. Ija ya tomato inali nazo zinayi ndi theka, ndipo oyamikira ankati imawapatsa mtendere mumtima.

Madandaulo anga aakulu pa onsewa ndi chilankhulo. Mwa omwe ndayesa, sindinapezepo yolankhula Chichewa chomveka, Chisena ndiye musanene. Agogo a ku Tengani amene amandibweretsera foni yawo Loweruka lililonse sangawerenge Chingerezi, ndiye app iliyonse kwa iwo ndi manambala ndi mitundu basi: chobiriwira ndiye kuti uli bwino, chofiira ndiye kuti wafa. Ija ya BP inkaonetsa chobiriwira pafupifupi nthawi zonse.

Dzulo kunabwera bambo wina wogulitsa mbuzi, akufuna ndimuikire yoyeza shuga yomwe mnzake anamuonetsa ku Nchalo. Ndinabwerekanso tomato, n'kumuyeza iwo akuona. Anaseka mpaka kukhosomola, analipira ya tchaji, kenako anafunsa tsiku lomwe amayeza shuga kuchipatala. Tomatoyo ndinachita kumugula, chifukwa mwini wake akuti ndamufinya kokwanira.