Taimala, bokosi la SIM kapena makina a WiFi: choyendetsera mthirira ndi chiti kuno ku Blantyre?

Amene munaika mapaipi a dripu (othirira modontheza madzi) ku Lunzu, Chileka kapena Mpemba mukudziwa kuti ntchito yotopetsa ndi yotsekula ndi kutseka madzi pa nthawi yake. Zida zogwira ntchitoyi m'malo mwa munthu zilipo zamitundu itatu, ndipo wogulitsa aliyense amatamanda chake.

Chotchipa ndi taimala ya batire, monga za Galcon. Mumaimanga pa paipi n'kuitchera kuti izitsekula 5 koloko m'mawa kwa mphindi 40, basi. Siifuna magetsi a ESCOM kapena netiweki. Koma ndi gonthi: mvula igwe, iyo ikuthirabe; paipi iphulike, ilibe nazo ntchito. Chinanso, mataimala ambiri ali ndi valavu imene imatsekuka ndi mphamvu ya madzi omwewo. Madzi ochokera mamita 10 m'mwamba ndiwo amapereka presha ya 1 bar, ndiye thanki ya pa sitandi ya mamita 3 imangopereka 0.3 bar, ndipo valavu yotere imangodontheza kapena kukaniratu. Ngati mumadalira thanki, funsani ya valavu yozunguzidwa ndi kamota.

Makina a WiFi, monga Hydrawise ya kampani ya Hunter, ndi amene amakopa maso. Pa foni mumaona gawo lililonse la munda, amachepetsa okha madzi akaona kuti kukubwera mvula, ndipo mukaikako mita yoyeza madzi amakuchenjezani madzi akamatayika. Pa kapinga wa ku Namiwawa kapena Sunnyside, komwe kuli rauta ndi invetala, palibe chowaposa. Kudimba nkhani ndi ina. Intaneti ikaduka amapitiriza ndondomeko yomwe anasunga, koma mavalavu ake amayendera magetsi a 24V ochokera pa soketi, choncho magetsi akathima zonse zaima. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Za ulosi wa nyengo nazo musazikhulupirire kwambiri. Chileka ndi kotsika komanso kotentha, pomwe Chigumula ndi Bvumbwe kukhoza kukhala chiperoni tsiku lomwelo. Kachipangizo koyeza chinyezi kokwiriridwa pa mizu ya matimati anu kamanena zoona kuposa ulosi.

Pakati pa ziwirizi pali bokosi la SIM, ndipo ine ndi limene ndimaliikira kumbuyo. Mumaikamo nambala ya Airtel kapena TNM n'kulilumikiza ku sitata ya pampu. Mukatumiza uthenga pampu yayaka, mukatumizanso yazima, ngakhale pa foni ya mabatani. Labwino limakuyankhani: magetsi athima, abwera, waya umodzi mwa atatu obweretsa magetsi ku pampu wafa, pampu ikuyenda yopanda madzi. Uthenga womalizawu wokha ukhoza kubweza ndalama yanu, chifukwa mu October zitsime zimatsika ndipo pampu yokoka mphepo imapsa. Uthenga wamba umadutsanso pamene WhatsApp ikungozungulira. Koma musanagule, kaimeni pa kanyumba ka pampu penipeni muone netiweki, poti pampu zambiri zili kudambo, kotsika. Muzikumbukiranso kuikamo mayunitsi, chifukwa nambala yokhalitsa osagwira ntchito amaitseka.

Koma kunena zoona, zitatu zonsezi zimangodziwa kuyatsa ndi kuzimitsa. Chomwe chimapha mapaipi ndi presha. Dripu imafuna pafupifupi 1 bar, ma sprinkler ambiri 2 mpaka 3. Pampu yamba imathamanga liwiro limodzi, kaya mwatsekula gawo lalikulu kapena laling'ono. Mukatseka magawo atatu n'kusiya limodzi, mphamvu yonse imathera pamenepo, mfundo za mapaipi n'kuyamba kufwamphuka. Onjezani mitunda ya kwathu kuno: mizere ya kumunsi imasefukira, ya kumtunda mbewu zikufota.

Mankhwala a presha ya pampuyi ndi VFD, bokosi lowongolera liwiro la mota, yokhala ndi kachipangizo koyeza presha pa paipi yaikulu. Mumaiuza presha yomwe mukufuna, iyo n'kumachepetsa kapena kuonjezera liwiro la mota yokha. Imadzutsanso pampu pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi kuja mapaipi amachita kugunda. Pa magetsi phindu lilipo: liwiro likatsika ndi 20 peresenti, pampu imadya pafupifupi theka la magetsi, ngakhale pa chitsime chakuya simungalitsitse kwambiri, madzi sangafike pamwamba. Amene muli ndi pampu za sola, bokosi loyendetsa pampu yanu ndi mtundu womwewu, ndipo ena ali ndi polumikiza choyezera presha.

Ndiye wa thanki ndi dimba laling'ono, taimala ikukwanirani. Wa ekala imodzi kapena kuposa wokhala ndi pampu yamagetsi, yambani ndi VFD, kenako bokosi la SIM. Za WiFi zidikire mpaka mutakhala ndi mabatire. Chilichonse mwa izi chiikireni chotetezera ku mphezi, ndipo muike geji ya presha imodzi patsogolo pa fyuluta, ina kumbuyo. Zikasiyana ndi theka la bar, fyuluta yatsekeka ndi matope, kaitsukeni.